Azimayi a pinki ndi girini aja ndi ndani? Nkhani ya ma sorority a ku America

Mu Julayi 2024, kampeni ya ku America itafika potentha, panali zithunzi zina zomwe zinazungulira kwambiri pa Facebook ndi pa TikTok. Chiholo chachikulu ku Dallas chadzaza ndi azimayi akuda masauzande, onse avala pinki ndi girini, mikanda yoyera m'khosi, Kamala Harris, amene nthawi imeneyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, ali kutsogolo akulankhula, iwo akukweza kachala kakang'ono kakumapeto kaja m'mwamba kwinaku akukuwa ndi kamawu kosongoka kuti "skee-wee". Pa zithunzi zina panali gulu lovala zofiira likupanga ka thirayango ndi zala. Ndiye mukudziwa kale mmene timachitira ife tikaona chizindikiro cha m'manja chomwe sitikuchidziwa, lisanathe ndi ola lomwe wina anali atalemba kale kuti izi ndi za sataniki abale tsegulani maso.

Ndinawaonetsa mayi anga aang'ono chithunzi chimodzi pa foni. Iwowa ndi a Mvano akalekale, anachiyang'ana kanthawi ndithu kenako nkufunsa kuti "kodi ndi mpingo wanji umenewu, yunifolomu yake yokongola chonchi?" Tinaseka, koma kunena zoona iwo ndi amene anayandikira kuposa a sataniki aja. Si mpingo ayi. Gulu la pinki ndi girini lija dzina lake ndi Alpha Kappa Alpha, mwachidule AKA, lofiira lija ndi Delta Sigma Theta, ndipo onsewa ndi ma sorority.

Sorority ndi chani kwenikweni

Mawuwa anachokera ku Chilatini, soror, kutanthauza mchemwali. Sorority ndi bungwe la akazi okhaokha lomwe munthu amalowa ali pa koleji, kapena atamaliza kale digiri, amalumbira, amaphunzitsidwa zinsinsi za gululo, amasonkha ndalama chaka ndi chaka, ndipo ukalowa walowa, sungatuluke uku nkukalowa lina. La amuna amalitchula fraternity. Maina awo amakhala zilembo ziwiri kapena zitatu za Chigiriki, nchifukwa chake pa kampasi ya ku America munthu akati "ndine Greek" sakunena kuti kwawo ndi ku Athens, akunena kuti ali mu limodzi la magulu amenewa. Zilembozo nthawi zambiri zimaimira mawu ena a Chigiriki amene amauzidwa mamembala okha pa tsiku lolowa. Nthambi ya pa sukulu imodzi kapena mu tawuni imodzi amaitchula chapter.

Kuti chithunzi chibwere bwino, tengani zinthu zitatu zakwathu muziphatikize. Tengani chinamwali, pomwe pali olangiza, pali zinsinsi zosauza mwana wosavinidwa, pali tsiku lotuluka anthu nkumaonerera. Tengani Mvano kapena Chigwirizano kapena amayi a Dorika, yunifolomu, misonkhano, zopereka, kuyendera odwala, kuyimba pa maliro a mnzawo. Kenako tengani gulu la anthu amene anaphunzira sukulu imodzi, aja amauzana kuti kwakuti kwatuluka ntchito tumiza ma pepala ako ndikulankhulira. Mukasakaniza zitatuzi mwayandikira. Kusiyana kwake nkwakuti khomo lolowera ndi yunivesite, osati mudzi kapena tchalitchi.

Chinanso chofunika kudziwa msanga, chifukwa apa ndi pomwe anthu amasokonezeka: ma sorority ku America ali m'misasa iwiri ikuluikulu. Wina ndi wa magulu 26 amene anayamba ndi azungu, ali pansi pa National Panhellenic Conference yomwe inakhazikitsidwa mu 1902. Amenewa ndi aja mumawaona m'mafilimu, chinyumba chachikulu chokhala ndi zilembo pakhomo, atsikana akugona momwemo, ma pate osatha. Msasa wina ndi wa magulu 9 a anthu akuda, 5 a amuna 4 a akazi, amene amatchedwa Divine Nine, pansi pa National Pan-Hellenic Council ya mu 1930. Maina a mabungwe awiriwa amafanana mpaka kukwiyitsa, koma moyo wake ndi wosiyana kutalitali.

Dengu la siliva

Zilembo za Chigirikizi zinayamba ndi amuna. Mu 1776 anyamata a pa College of William and Mary ku Virginia anayambitsa Phi Beta Kappa, kagulu kachinsinsi kokambirana nkhani za maphunziro, ndipo poti nthawi imeneyo munthu wophunzira ankadziwika ndi Chigiriki ndi Chilatini, dzina la Chigiriki linali ngati kunena kuti ife ndi ophunzira, musatiyese. Magulu ena anatengera pomwepo.

Akazi analowa mochedwa chifukwa ku koleji komweko analoledwa mochedwa. Mu 1851 atsikana a pa Wesleyan Female College ku Macon, Georgia, anayambitsa Adelphean Society, yomwe pambuyo pake inadzakhala Alpha Delta Pi. Koma nkhani yomwe imandisangalatsa ine ndi ya Bettie Locke. Iyeyu anali mmodzi mwa atsikana oyambirira kuloledwa pa Indiana Asbury University, lero ndi DePauw, mu 1867, ndipo anyamata ambiri sankawafuna atsikanawo pamenepo. Anyamata a fraternity ina anamupempha kuti azivala baji yawo, zija zoti tione kuti uli mbali yathu. Iye anati ndivala ngati mundilowetse ngati membala weniweni, ndidziwe tanthauzo la chomwe ndavala. Anyamata anakambirana, nkukana, ndipo pofuna kumupepesa anamugulira dengu la siliva. Bettie dengulo analandira, koma pa 27 Januwale 1870 iye ndi anzake atatu anayambitsa lawolawo, Kappa Alpha Theta.

Magulu oyambawa ankadzitchula ma fraternity a akazi poti panalibe mawu ena. Mawu oti sorority anabwera mu 1882 ku Syracuse University, mphunzitsi wa Chilatini Frank Smalley ndi amene anawatchulira atsikana a Gamma Phi Beta, ndipo anakhazikika basi.

Ndiye muone apa, sorority inabadwa chifukwa chotsekeredwa kunja. Koma otsekeredwa aja atamanga nyumba yawo nawonso anaika chitseko, ndipo kwa zaka zambirimbiri mtsikana wakuda kapena Myuda sankadutsa pamenepo, magulu ena mpaka anachita kulemba m'malamulo awo.

Howard, 15 Januwale 1908

Howard University, yunivesite yodziwika ya anthu akuda, ili ku Washington DC, inatsegulidwa mu 1867, patangopita zaka ziwiri ukapolo utathetsedwa mu 1865. Pofika 1908 mtsikana wakuda wofika pa yunivesite anali wosowa zedi, ambiri mwa iwo agogo awo kapena makolo awo enieni anabadwa ali akapolo, kummwera kunali malamulo a tsankho aja a Jim Crow, ndipo mkazi aliyense, mzungu kapena wakuda, m'madera ambiri sankavota.

Mtsikana wina wochokera ku St. Louis, Ethel Hedgeman, ndi amene anabwera ndi maganizo. Chibwenzi chake George Lyle, amene anadzakwatirana naye, anali mu Alpha Phi Alpha, fraternity ya anyamata akuda yomwe inayamba ku Cornell mu 1906. Ethel anasonkhanitsa anzake, onse pamodzi anakwana 9, ndipo pa 15 Januwale 1908 mu nyumba yogona atsikana ya Miner Hall anayambitsa Alpha Kappa Alpha, sorority yoyamba ya akazi akuda. Mtsogoleri woyamba anali Lucy Diggs Slowe, mayi amene mbiri yake payokha ndi nkhani ina: mu 1917 anawina mpikisano woyamba wa dziko lonse wa American Tennis Association, kenako anadzakhala mkulu woyamba woyang'anira ophunzira aakazi pa Howard pomwepo.

Posakhalitsa analowetsa atsikana ena 7 a chaka chachiwiri kuti gulu lisafe oyambitsawo akamaliza sukulu. Sungani manambalawa, 9 ndi 7, tiwafunanso.

Mkangano wa 1912

Patangotha zaka zinayi zinthu zinavuta. Atsikana 22 amene anali pa sukulu nthawi imeneyo anaona kuti gulu lawo langokhala la tiyi ndi macheza, iwo ankafuna lilowe mu nkhani zikuluzikulu za dziko, ndipo anagwirizana zosintha dzina, mitundu, chilichonse. Nellie Quander, amene anali atamaliza kale ndipo anakhalapo mtsogoleri, atamva anakana kwamtuwagalu, anati dzina ndi malumbiro sizisinthidwa ngati malaya. Anawapatsa nthawi yoti asiye maganizowo, iwo sanasiye.

Zotsatira zake, pa 13 Januwale 1913 atsikana 22 aja anayambitsa Delta Sigma Theta, ofiira aja. Nellie Quander naye anathamanga kukalembetsa AKA ku boma pa 29 Januwale 1913 kuti dzina lisadzasowenso. Ndipo ma Delta sanachedwe kuonetsa chomwe ankatanthauza: pa 3 Malichi 1913 anaguba nawo pa chionetsero chachikulu cha azimayi ofuna ufulu wovota mu Washington, pomwe ena mwa okonza ake achizungu sankafuna akuda aonekere poopa kukhumudwitsa anzawo akummwera.

Mpaka lero ma AKA ndi ma Delta amanyogodolana ngati Bullets ndi Manoma. Anthu amati ma AKA ndi odzikonda pa galasi, madona, ma Delta ndi olimba mutu, a zionetsero. Ndi nthabwala chabe zambiri mwa izo, poti ntchito zomwe amagwira zimafanana kwambiri, koma muzu wake ndi 1912 yomweyo. Kenako kunabwera Zeta Phi Beta mu 1920, pa Howard pomwepo, ovala buluu ndi zoyera, ndi Sigma Gamma Rho mu 1922 yomwe anayambitsa aphunzitsi 7 pa Butler University ku Indianapolis, ya buluu ndi golide. Anayiwa ndiwo akazi a mu Divine Nine.

Munthu amalowa bwanji

Ku msasa wa 26 uja kuli chomwe amati rush, sabata imodzi kumayambiriro kwa chaka pomwe atsikana atsopano amayendera nyumba zonse, kucheza ndi mamembala mphindi zochepa, tsiku lililonse nyumba zikuchotsa maina nawonso atsikana akuchotsa nyumba, mpaka tsiku lomaliza lotchedwa Bid Day aliyense amatsegula envelopu kuona amene amutenga. Ena amalira ndi chimwemwe ena amalira zenizeni. Mu Ogasiti 2021 za ku University of Alabama zinatchuka pa TikTok, atsikana akuonetsa zovala zawo m'mawa uliwonse, ndolo izi ndagula kwakuti nsapato izi kwakuti, dziko lonse nkumatsatira ngati sewero. Wolowa kumene amapatsidwa mkulu wake womuyang'anira, amati big, iye ndi little, tingoti phungu ndi namwali wake.

Kwa ma AKA ndi anzawo sizimayenda choncho. Suyendera magulu onse nkumasankha ngati uli pa msika wa kaunjika, umayenera kudziwa kale komwe mtima wako uli, ndipo ukamveka kuti unkayesanso kwina, zako zada. Sulengezanso kuti ndikufuna kulowa, umangoonekera pa zochitika zawo, kugwira ntchito zachifundo, magiredi ako akhale abwino, upeze mamembala okulembera makalata okuchitira umboni. Akakutenga umalowa limodzi ndi anzako angapo ndipo gulu lanulo limatchedwa line, mzere. Nthawi zambiri amakundandalikani potengera msinkhu, wamfupi kutsogolo, ndipo aliyense amapatsidwa nambala ndi dzina latsopano. Woyamba ndi ace, womaliza ndi tail. Anzako a mu mzerewo ndi ma line sister ako moyo wonse, ndi amene adzakuperekeze pa ukwati, adzabwere ku chipatala ukadzachira, adzasonkhe ukadzaferedwa. Kamala Harris analowa pa Howard mu 1986 mu mzere wa atsikana 38, ndipo ambiri mwa amenewa ankaoneka pa misonkhano yake ya kampeni patapita zaka pafupifupi 40.

Zonsezi zimachitika mwakachetechete mpaka tsiku lotuluka, lomwe ambiri amalitchula probate. Apa ndiye mpamene munthu wakwathu angati koma ichi nchinamwali ndithu. Kampasi yonse yasonkhana pabwalo, makolo abwera ndi maluwa ndi mabaluni, kenako mzere ukutulukira, onse avala zofanana, nkhope zobisa ndi magalasi akuda kapena masiki, agwirana mapewa, akuyenda mwa sitepe imodzi. Amalakatula mbiri ya gulu pamtima, maina a oyambitsa onse mwaliwiro osapunthwa, kupereka moni kwa akuluakulu awo ndi kwa magulu ena, kenako mmodzimmodzi amavula chobisa nkhope chija nkutchula dzina lake latsopano, chikhamu nkuphulika. Mayi amene naye ndi membala amakhala akulira pamenepo, poti mwana wake tsopano ndi soror wake, mawu omwe amaitanirana okhaokha.

Pamakhalanso magule awo. Stepping ndi gule wopanda ng'oma, thupi lenilenilo ndiye ng'oma, kuponda pansi mwamphamvu, kuwomba m'manja, kumenya ntchafu ndi pachifuwa onse pamodzi. Amene munaonako gule wa majombo wa ku migodi ya ku Joni, komwe agogo athu ambiri anapita pa Wenela, mukhoza kudabwa kufanana kwake. Munthu wina wa Alpha Phi Alpha, C. Brian Williams, anadabwanso chimodzimodzi atauona, mpaka mu 1994 anayambitsa gulu la zovina la Step Afrika! mogwirizana ndi ovina a ku Soweto. Strolling ndi kuvina mondondozana pa mzere, ndipo lamulo lake losalembedwa ndi loti usayerekeze kudutsa pakati pa mzerewo ngati si iwe membala.

Ngale 20 ndi tsamba

Mikanda yoyera ija ndi ngale. Mukukumbukira 9 oyambitsa ndi 7 a chaka chachiwiri aja? Onjezanipo 4 mwa amene anathandiza kulembetsa bungwe ku boma mu 1913, akwana 20, ndipo amenewa amatchedwa Twenty Pearls, ngale 20. Baji ya AKA ndi tsamba lobiriwira lozunguliridwa ndi tingale 20. Ndiye Kamala Harris akavala ngale, monga anachitira pa chithunzi chake chomaliza sukulu mu 1986 komanso polumbira kukhala wachiwiri kwa pulezidenti pa 20 Januwale 2021, kwa ife ndi mkanda chabe koma kwa anzakewo ndi moni.

Tsambalo ndi la ivy, chomera choyanga chomwe chimakakamira pa makoma a nyumba zakale za ma yunivesite, sichifota msanga ndipo chikagwira chagwira. Magazini yawo, yomwe inayamba mu 1921, dzina lake ndi Ivy Leaf. Maudindo nawo ndi a Chigiriki, wapampando wa chapter ndi Basileus, mlembi ndi Grammateus, msungichuma ndi Tamiouchos, wamkulu wa onse ndi Supreme Basileus, ndipo msonkhano waukulu womwe umachitika pakapita zaka ziwiri zilizonse ndi Boule. Wa ku Dallas uja unali umenewo. Likulu lawo lili ku Chicago.

Thirayango ya ma Delta ija? Ndi chilembo cha Chigiriki chotchedwa delta, chimalembedwa ngati thirayango. Basi.

Kiliniki ya pansi pa mtengo ku Mississippi

Chomwe chimasiyanitsa kwambiri magulu a akudawa ndi anzawo aja nchakuti moyo wake weniweni umayamba ukamaliza sukulu. Kwa azungu ambiri sorority ndi nkhani ya zaka zinayi za pa koleji, kenako zithunzi mu alubamu. Kwa ma AKA, ma chapter amphamvu ndi a azimayi akuluakulu, maloya, aphunzitsi, manesi, ma jaji, agogo a zaka 80 amene akusonkhabe ndi kubwera ku misonkhano. AKA yalowetsapo anthu oposa 300,000 chiyambire, ndipo ili ndi ma chapter opitirira 1,000.

Chitsanzo chomwe chimaonetsa bwino ntchito yawo ndi cha mu 1935. Mtsogoleri wa AKA nthawi imeneyo, Ida L. Jackson, kwawo kunali ku Mississippi ndipo ankadziwa mmene anthu akuda a m'minda ya thonje ankavutikira. Anthuwa anali ngati matenanti a m'maesiteti a fodya, kulima munda wa bwana, kudya pa ngongole ya bwana, pokolola nkuuzidwa kuti ngongole sinathe. Dokotala sankamudziwa. Bungwe linasonkha ndalama nkutumiza Dr. Dorothy Boulding Ferebee ndi kagulu ka mamembala odzipereka pa magalimoto awo kupita ku Holmes County, ulendo wautali wodutsa madera omwe munthu wakuda sankaloledwa kugona mu hotela ngakhale kulowa chimbudzi cha pa filing'i siteshoni.

Atafika anakonza malo oti anthu azibwera, koma anthu osabwera. Eni minda anali ataletsa antchito awo kuchoka pa munda, ankaopa kuti azimayi ophunzira ochokera kumpotowa adzawatsegula m'maso. Azimayi aja sanabwerere. Anapakira mankhwala, majakisoni ndi nsalu zoyera m'magalimoto nkumapita okha m'mindamo, kuyala tebulo pansi pa mtengo, pa khonde la tchalitchi, mu kasukulu kakugwa, zija timachita ndi sikelo ya kumudzi. Anabaya ana masauzande katemera wa nthomba ndi diphtheria, m'zaka zotsatira anasamukira ku Bolivar County nkuwonjezera za malungo, chindoko ndi kadyedwe. Ankapita chilimwe chilichonse pa holide yawo, osalipidwa, mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavutitsa mafuta ndi matayala cha m'ma 1942.

Zina ndingodutsamo. Mu 1938 Norma Boyd, mmodzi mwa 7 aja, anayambitsa ofesi yokakamiza aphungu a ku Congress pa nkhani za ufulu wa anthu akuda. Mu 1965 bungwe linatenga kontirakiti ya boma yoyendetsa malo ophunzitsa atsikana ntchito zamanja ku Cleveland. Katherine Johnson, Dorothy Vaughan ndi Mary Jackson, akatswiri a masamu amene anathandiza NASA kutumiza anthu mumlengalenga, onse atatu anali ma AKA, chimodzimodzi wolemba mabuku Toni Morrison. Ku Delta kunali Shirley Chisholm, mayi wakuda woyamba kulowa mu Congress, ndi Dorothy Height, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda. Ku Africa kuno anafikanso, Zeta Phi Beta inatsegula chapter ku Monrovia mu 1948, ndipo Ellen Johnson Sirleaf, pulezidenti wakale wa Liberia, ndi wa AKA.

Mbali yomwe sakonda kuikamba

Choyamba ndi nkhanza polowa, amati hazing. Amene munadutsa ku sekondale yogonera konko mukudziwa teasing ya ma fomu 1, kuchapitsidwa zovala, kulandidwa chakudya, kudzutsidwa pakati pa usiku. Ndi zomwezo, kungoti uku wozunzidwayo amachita kufuna yekha chifukwa akufuna kulandiridwa. Kale mzere unkayenda poyera kwa masabata kapena miyezi, kuvala zofanana, kudya limodzi, osalankhula ndi anthu ena, ndipo mkati mwakemo munkalowa kumenyedwa ndi kusagona. Mnyamata wina atamwalira pa Morehouse College mu 1989, magulu a akudawa anagwirizana mu 1990 kuthetsa mchitidwewu nkuika ndondomeko yaifupi ya maphunziro. Koma zinangolowa pansi. Mpaka lero pali kunyozana, amene anavutika polowa amatcha anzawo kuti paper, kutanthauza kuti iwe unangosaina pepala. Mu 2002 atsikana awiri anamira pa gombe lina ku Los Angeles usiku, mabanja awo anati zinali za kulowa AKA, bungwelo linati linalibe chapter yovomerezeka pa sukulu yawoyo, nkhani inakafika ku khoti. Kwa anyamata, makamaka ma fraternity a azungu, imfa zambiri zimabwera ndi mowa wokakamiza. Mu Disembala 2024 Joe Biden anasaina lamulo lokakamiza ma koleji kuti aziulula poyera milandu ya hazing.

Chachiwiri ndi ndalama ndi kusankhana. Kulowa kokha kumadya madola mazanamazana, pena kupitirira 1,000, osawerengera zopereka za pa chaka, zovala ndi maulendo a ku Boule, ndipo ku nyumba zikuluzikulu za azungu kummwera ndi madola masauzande angapo pa chaka. Mwana wa membala, amene amamutcha legacy, amakhala ndi mwayi woposa mwana wa mayi wogulitsa mu shopu. Palinso dandaulo lakale loti magulu ena a akuda, AKA ikutchulidwa kawirikawiri, ankakondera oyera khungu ndi a tsitsi lofewa, mpaka nkhani zoti ankayerekeza khungu la munthu ndi pepala la bulauni la m'sitolo. Mamembala ambiri amati izi ndi nthano zokokomeza ndipo amaloza mamembala awo akuda bii, ena amati agogo awo anaziona ndi maso. Kwa azungu nako, mu 2013 nyuzipepala ya ophunzira pa University of Alabama, The Crimson White, inaulula kuti ma sorority ena ankakanabe atsikana akuda, ndipo nthawi zina atsikana a m'nyumbamo ankamufuna munthuyo koma azimayi akale a gululo ndi amene ankatseka. 2013, osati 1953.

Chachitatu chikukhudza a sataniki aja, ndipo apa ndisawanyoze kwambiri chifukwa mtsutso umenewu uliko ku America komweko. Pali azimayi amene anatuluka nkumajambula mavidiyo pa YouTube ndi TikTok kunena kuti malumbiro achinsinsi, kugwada pa mwambo wolowa, ndi zithunzi ngati cha Minerva, mulungu wamkazi wa nzeru wa Aroma amene ali pa chizindikiro cha Delta, sizigwirizana ndi chikhristu chawo. Mbali inayi kuli mamembala ambirimbiri amene ndi madikoni, oyimba kwaya, ngakhale abusa, amene amati Minerva ndi chizindikiro cha maphunziro chabe ngati mmene chilili pa zidindo za masukulu ambiri, ndipo misonkhano yawo amatsegula ndi pemphero. Mkangano wake ndi wofanana ndi uja timakhala nawo kuno wa mpingo ndi miyambo ya makolo, ndipo nawonso sunathe.

Nanga andale amawafuniranji

Mwalamulo mabungwewa sasankha chipani. Chomwe amachita ndi kulembetsa anthu mu kaundula wa zisankho, kuwanyamula pa tsiku lovota, ndi kuguba limodzi kupita kukavota atavala mitundu yawo. Koma tangoganizani gulu la azimayi ophunzira, a ndalama zawo, okhala mu mzinda uliwonse, odziwana maina ndi manambala a foni, ozolowera kusonkha ndi kukonza misonkhano kwa zaka zoposa 100. Wandale aliyense angalote zimenezo. Ndipo azimayi akuda ku America, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse amavotera chipani cha Democratic.

Nchifukwa chake mu Julayi 2024 yekhayo Kamala Harris analankhula ku Boule ya AKA ku Dallas, ya Zeta Phi Beta ku Indianapolis ndi ya Sigma Gamma Rho ku Houston. Usiku wa tsiku lomwe Biden anasiya mpikisano, pa 21 Julayi, azimayi akuda pafupifupi 44,000 anakumana pa Zoom nkusonkha ndalama zoposa madola 1 miliyoni m'maola ochepa, ena mwa iwo a magulu anayi aja. Kale mu 2020 a kampeni ya Biden ndi Harris anadabwa kuona ndalama zambirimbiri zikulowa za nambala yachilendo, madola 19.08 ndendende, mpaka wina anawafotokozera kuti ndi 1908, chaka chomwe AKA inayamba. Zonsezi sizinakwanire, Donald Trump anawina mu Novembala 2024, ndipo Harris anakavomera kugonja ali pa Howard, pa kampasi yomweyo pomwe Ethel Hedgeman anasonkhanitsa anzake.

Mayi anga aang'ono nditawafotokozera zonsezi, za Trump ndi za Zoom analibe nazo ntchito. Funso lawo linali limodzi, "nanga mmodzi akamwalira amatani?" Ndinawauza kuti ma AKA sanena kuti wamwalira, amati wasanduka Ivy Beyond the Wall, tsamba lija layanga mpaka kuseri kwa khoma. Mwambo wa maliro usanayambe, ma soror amabwera atavala zoyera, amaima mozungulira, amawerenga mbiri yake ya mu gulu, chaka chomwe analowa, chapter yake, maudindo amene anagwira, amaimba nyimbo yawo, ndipo amamusiyira masamba a ivy. Ma Delta nawo ali ndi wawo, amautcha Omega Omega, potengera chilembo chomaliza cha Chigiriki.

Anagwedeza mutu, nkundibwezera foni. "Nanga kuphika pa siwa, amaphika okha kapena amachita kulemba anthu?"